Sukulu ya Chete Inali Kompyuta Yochedwa

Chete ankapukuta kompyuta ya amalume ake pang'onopang'ono, batani limodzi limodzi, thupi lonse lili lefu. Dzinali anam'patsa ndi apanyumbapo, chifukwa chilepherereni mayeso omaliza a sekondale, mawu ake ankangothera pa "inde" ndi "zikomo".

Mayi ake atamwalira, amalumewo ndi amene anamutenga. M'mawa ankachapa ndi kukolopa. Masana ankakhala pakona ya pabalaza, kukonza pakompyutapo zithunzi zakale ndi makadi a ukwati amene amalume ankabwera nawo kuchokera kwa anthu.

Kompyutayo inali nkhalamba. Ukaiuza kuti isunge chithunzi chachikulu, inkalira ngati chigayo, kenako n'kuyamba kuganiza.

"Iwe ndi kompyutayi ndinu mapasa," ankaseka akazi awo a amalume. "Nonse mukafunsidwa lero mumayankha mawa."

Tsiku lina, ali kudikira choncho, Chete anasolola buku lake la masamu limene linkachirikiza mwendo wa tebulo, n'kuikapo kachikatoni. Anayankha funso limodzi kompyuta isanadzidzimuke. Mawa lake anachitanso. Kompyutayo ikamaganiza palibe amene ankamutuma, poti ankaoneka kuti ali pantchito.

Miyezi inapita. Maso ankalemera, msana unkawawa, koma masamu amene ankamuliza aja anayamba kumumvera. Mphunzitsi wake wakale anamuthandiza kulembetsanso mayeso.

Kenako amalume anafika akumwetulira.

"Ndaonana ndi wokonza makompyuta. Akuti tiikemo purosesa yatsopano, ubongo wake wa makinawa. Zodikira izi zitha. Ntchito ya sabata yonse uzimaliza Lachiwiri, ine n'kumakubweretsera ina."

Chete anayang'ana buku limene linali pamiyendo pake. Kudikira kukatha, sukulu yakenso yatha. "Inde" wa masiku onse anafika pakamwa, koma anamumeza.

"Amalume," anatero Chete, "purosesayo ndi yabwino, sindikukana. Koma musagule panopa. Kompyutayi ikamachedwa m'pamene ine ndimaphunzira. Nthawi ina ndilibe m'nyumba muno. Ndilembe kaye mayeso."

Amalume anatenga bukulo, n'kuona masamba akuda ndi pensulo, m'makona mopindikapindika. Anakhala pansi.

"Ndiye kuti nthawi yonseyi..." Anagogoda kompyuta ija pamwamba. "Nkhalambayi ikhale kaye. Ndipo masana uziitseka, uziwerenga bwinobwino."

Chaka chimenecho Chete anakhoza. Purosesa inagulidwa pambuyo pake, ndipo imathamangadi.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso mwatopa, ndipo chimene mwatsala nacho ndi timphindi tokha timene ena amataya podandaula. Titoleni. Ndipo wina akafuna kukulandani, ngakhale mosadziwa, tsegulani pakamwa, ngakhale mawu azinjenjemera. Mtima wanu usagwe.