Nthutumba Pansi pa Mpunga

Khrisimasi ya banja lathu imadyedwa pakhomo panga, ndipo sindikumbuka tsiku limene tinakhalirana pansi n'kugwirizana zimenezo. Ndine mwana wamkazi amene anatsala pamudzi, kufupi ndi Nzama, nyumba yanga ndi yamalata, amayi amakhala kuseri kwake, ndiye nkhani inathera pomwepo. Disembala akamayandikira, anzanga amakamba za zitenje zatsopano. Ine ndimayamba kumva msana ndisanagwire n'komwe poto.

Achimwene anga amabwera kuchokera ku Lilongwe ndi akazi awo ndi ana. Amafika pagalimoto, manja ali lende, n'kuyamba kuyamikira mpweya wa kumudzi. Mpweyawo ndi waulere, sindikana, koma nkhuni za mu Disembala ndi zonyowa, ndipo sizidziwaza zokha.

Amuna anga ndi a ku Bwanje. Anabwera kwathu chikamwini, ndipo chaka chimene ndikunenachi anali atakhala zaka makumi awiri ndi ziwiri. Njerwa za nyumbayi anaumba okha. Khola la mbuzi, bafa, denga la amayi likadontha, zonse ndi manja awo. Ndi munthu wofatsa mpaka nthawi zina amandikwiyitsa nako kufatsako.

Nkhuku ikaphedwa, nthutumba ndi ya bambo wa pakhomo. Izi amadziwa ndi mwana yemwe. Kanyama kake n'kochepa, n'kolimba, sikakhutitsa munthu, koma mkazi amene waiwala kukaika m'mbale ya mwamuna wake amakhala ndi mlandu woyankha. Masiku wamba sindinaphonyepo. Pa Khrisimasi pokha, ogawa ndiwo amakhala amayi, ndipo iwo nthutumba amaipereka kwa achimwene, eni mbumba. Amuna anga amalandira phiko, chaka chabwino ntchafu. Abambo anga nawonso anali mkamwini, ankaonerera malume akutafuna nthutumba m'nyumba yomwe anafolera okha, ndipo ine ndili mwana sindinkaonapo chachilendo.

Chaka chimenecho mwana wathu woyamba, wamkazi, anali atapeza bwenzi, mphunzitsi wa ku Tsangano. Nkhani ya ukwati inakambidwa ndi achimwene, monga malume a mwanayo. Amuna anga anangouzidwa zitatha, ataimirira pakhonde ndi khasu paphewa. Mnyamatayo anali woti adzadye nafe Khrisimasi koyamba.

Kutatsala sabata, amuna anga anapita kwawo kukatenga mpunga, monga amachitira chaka chilichonse. Kuchokera kuchigwa kubwera kuno n'chitunda chokhachokha, njinga amachita kukankha. Anafika shati itamatirira pamsana, anatsitsa thumba, anamwa madzi makapu awiri, kenako ananena osandiyang'ana:

"Mayi, chaka chino kukubwera mlendo. Ndikufuna adziwe kuti bambo wa mwanayu ndi ndani."

Ndinamva chimene ankatanthauza. Pa zaka zonsezo anali asanapemphepo kanthu pa za abale anga, ndipo ndinachita mantha pang'ono, chifukwa munthu wofatsa akatsegula pakamwa ndiye kuti wazisunga kalekale. Ndinawauza kuti asadandaule.

Nzeru zanga zinali zachidule. Ndinati ndipha nkhuku ziwiri m'malo mwa imodzi, nthutumba zikhale ziwiri, achimwene adye yawo, amuna anga adye yawo, pasakhale wokhumudwa. Ndinadziyamikira ndekha masiku atatu athunthu. Kupita kwa amayi kukawauza maso ndi maso sindinapite. Ndinkadziwa kuti ayamba kundiwerengera mizere ya makolo kuyambira kwa agogo awo, ndipo ndinalibe mphamvu zomvera.

Patsikulo tinapita ku Misa yoyamba kuti tibwerere msanga. Mvula inatipeza panjira. Pofika kunyumba, galimoto ya achimwene inali itatitimira m'matope pafupi ndi mtengo wa mango, ndipo amuna anga anavula jekete la kutchalitchi n'kupita kukakankha. Achimwene anali pachiwongolero, akuloza ndi dzanja pawindo.

Ine ndinalowa m'khitchini ndipo sindinatulukemonso mpaka masana. Moto unkakana. Ndinauzira mpaka maso anafiira ngati ndalira maliro. Panali mpunga sefuliya yaikulu, mbatata ya kachewere yosenda, kabichi, nyemba za amene sakhuta popanda nyemba, ndi nkhuku ziwiri za chikuda, zomwe zimafuna moto wa maola. Mwana wanga, amene ndinkamudalira, tsiku limenelo anali ndi manja a mkwatibwi. Ankasenda mbatata imodzi, n'kupita kukasuzumira kumsewu. Mlamu wanga, mkazi wa achimwene, anabwera pakhomo la khitchini, anatsokomola kawiri, anati utsi umamudzutsira chifuwa, n'kubwerera kukakhala pasofa. Ana ake ankafunsa malo otchajira foni mphindi iliyonse.

Mnyamata wa ku Tsangano anafika atanyowa, atanyamula kabichi ziwiri zazikulu ngati mitu ya anthu. Anali waulemu, anapereka moni atanyonyomala. Achimwene ndi amene anamulandira, anamuonetsa pokhala, n'kuyamba kumufotokozera mbiri ya mudzi. Amuna anga analowa pambuyo, matope mpaka m'mawondo, ndipo achimwene anati, "Awa ndi alamu athu." Sananame, koma ndinamva ndili kukhitchini ndipo mthiko unandilemera.

Zonse zitapsa, amayi anabwera ndi ndodo yawo, anakhala pampando waufupi, anati ndiwapatse chipande. Pa Khrisimasi timagawira aliyense mbale yake, chitaunitauni, chifukwa achimwene anazolowera choncho. Ndinayala mbale zitatu za azibambo patsogolo pawo, mpunga uli kale m'menemo. Amayi anavundula mumphika, anatulutsa nthutumba yoyamba.

"Ya achimwene ako."

Anavundulanso, anapeza yachiwiri, anaiyang'ana mokondwa.

"Wachita bwino kupha ziwiri, mwana wanga. Iyi ndi ya mlendo."

Ndinati, "Amayi, imeneyo ndimati ikhale ya bambo a ana."

"Akamwini ndi a pano," anatero amayi. "Amadya tsiku ndi tsiku. Mlendo adzati chiyani kwawo?"

Anaika ntchafu m'mbale ya amuna anga, ntchafu yabwino ndithu, n'kupitiriza kugawa za ana. Kwa iwo panalibe nkhani. Sankawada amuna anga, amawayamikira kwa aliyense kuti anapeza mkamwini wa manja. Kungoti m'mutu mwawo zinthu zinali ndi malo ake, ndipo malowo anawapeza atabadwa.

Apa ndiye pamene ndinayenera kuima. Ndikanatha kunena kachiwiri, mokweza. Ndikanatha kutenga chipande chija, popeza nkhuku zinali zanga, mphika wanga, nyumba ya amuna anga. Koma ndinali nditaimirira kuyambira m'bandakucha, mutu ukuwawa ndi utsi, ndipo ndinkangofuna kuti anthu adye azipita. Ndinanyamula mbale pathireyi. Ndili pakati pa khitchini ndi nyumba, pomwe panalibe wondiona, ndinatenga nthutumba ya m'mbale ya mlendo ndi zala, ndinaikankhira m'mbale ya amuna anga, n'kuikwirira ndi mpunga kuti amayi akasuzumira asaione. Ndinaganiza kuti ndakwanitsa lonjezo.

Ndinawasambitsa azibambo m'manja nditagwada, kuyambira achimwene, ndipo ndinaima chapakhomo ndi beseni. Achimwene anapemphera pemphero lalitali. Nthutumba yawo inali pamwamba pa mpunga, poonekera, ndipo anayamba ndi iyo. Amuna anga anayang'ana mbale ya alamu awo, kenako anayang'ana yawo. Anadya mpunga pang'onopang'ono mpaka supuni inagunda chinthu. Anachifukula. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anadzutsa maso n'kundiyang'ana ine. Ndinamwetulira, chitsiru ine.

Anaitola nthutumbayo ndi supuni n'kuiika m'mbale ya mnyamata uja.

"Idyani, bambo," anatero mofatsa. "Mukadzakwatira kuno simudzaionanso."

Achimwene anaseka mpaka kutsamwa, akuti alamu awo ali ndi nthabwala. Mlamu wanga anaseka. Mnyamatayo anaseka pang'ono posadziwa chochita, anathokoza, anadya. Ine ndinatuluka ndi beseni lija ndipo ndinataya madzi pamwamba pa nkhuni zomwe ndinali nditaumitsa.

Sindinadye. Ndinatola mbale, ndinagawa thobwa, ndinamangira achimwene mpunga wosaphika woti apite nawo ku Lilongwe, chifukwa amati wa m'sitolo sununkhira. Galimoto inatitimiranso potuluka ndipo amuna anga anakankhanso. Amayi anandiyamikira kuti chaka chino zinayenda bwino kuposa zaka zonse. Mapoto ndinawasiya panja kuti mvula iyambe yatsuka.

M'mawa mwake tinapita kumunda kukabandira chimanga, awiriwiri. Tinagwira mizere itatu. Kenako ndinalephera kupirira.

"Komatu ndinakupatsani," ndinatero. "Ndinachita kulanda m'mbale ya mlendo."

Anaimika khasu, anapukuta nkhope ndi chipewa.

"Ndinaona, Mayi. Zikomo."

"Nanga bwanji munaipereka?"

"Nthutumba ndimaidziwa kukoma kwake, ndadyapo zambiri," anatero. "Sindinapemphe nyama. Inu munandipatsa ngati ndikuba m'nyumba mwanga."

Sanakweze mawu, ndipo sanabwerezenso nkhaniyo, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Ndikanakonda akanandikalipira, chifukwa ndikanapeza poyankha. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo pamaso pa munthu, ndipo kutopa konse kwa dzulo lake kunandigwera pamodzi mpaka ndinakhala pansi pamzere, m'matope momwemo.

Chaka chotsatira ndinalimba mtima. Ndinapita kwa amayi kutatsala mwezi, ndinawauza kuti ndiwo ndigawa ndekha. Anang'ung'udza masiku awiri, kenako anavomera, mosavuta kuposa mmene ndinkaopera zaka zonsezo. Ndinathamanga kukawauza amuna anga, ndikuyembekeza kuti akondwa.

Anali akukonza tcheni cha njinga. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Musavutike, Mayi," anatero. "Chaka chino ndikadyera kwathu ku Bwanje. Ndikubweretserani mpunga, kenako ndibwerera."

Anachitadi choncho, ndipo achita choncho Khrisimasi iliyonse kuchokera pamenepo. Amabwerako pakatha masiku awiri, alendo atapita.