Mkamwini wa Njira Yobiriwira

Kwathu, kuseri kwa Fonte Boa, munthu sakuuza pamaso kuti amakukonda kapena amakuda. Umadziwira pa miyendo yake, tsiku lomwe wamuchezera n'kutsazika. Abambo anga ndiwo adali akatswiri pa zimenezi. Wobwereka khasu ankamuperekeza ndi maso okha, ali chikhalire pampando. Mnansi wamba ankamufikitsa pa khola la ng'ombe. Wachibale kapena munthu wa ku tchalitchi ankatsika naye mpaka kumtsinje. Koma amene wawafika pamtima ankakwera naye chitunda chonse mpaka pamwamba, pomwe pamadutsa msewu wa machapa, maminibasi a ku Ulongwe, n'kuima naye mpaka galimoto itabwera. Ife ana awo sankatiperekeza n'komwe. Ankati mwana wapakhomo saperekezedwa chifukwa sakuchoka, wangotuluka.

Amuna anga adatha zaka zambiri akuthera pa khola.

Mlandu wawo udali umodzi. Iwo kwawo ndi ku Tete, kuchigwa kotentha kuja, ndipo ntchito yawo ndi yokhala pampando mu gabineti, mu ofesi. Tsiku loyamba kudzaonekera kwa makolo anga adayang'ana chitunda chija, adayang'ananso nsapato zawo zopukuta, n'kupempha wa mota, njinga yamoto, kuti awazungulitse njira ya ngolo. Adalowa pabwalo atakhala kumbuyo kwa mota, mwini motayo n'kuliza buzina, nkhuku balalabalala. Abambo adawalandira bwino ndithu, adawaphera tambala, adacheza nawo za mvula. Koma mlendo atapita adauza amayi kuti, "Munthu wofika kwa apongozi atakhala pansi, mapazi ake sadziwa kwathu."

Ukwati udachitika, ana adabadwa, amuna anga adafolera nyumba ya makolo anga ndi malata. Zonsezo sizidasunthe kanthu. Tikamabwerera, abambo ankatenga ndodo, n'kuyenda nafe mpaka pa khola, n'kunena kuti, "Muyende bwino, akamwini," basi atembenuka. Poyamba amuna anga ankanyadira, amvekere apongozi anga ndi aulemu, amandifikitsa mpaka pa ng'ombe. Ine ndinkangoti ee. Koma tsiku lina adaona abambo akutsikira kumtsinje ndi munthu wogula nyemba, munthu wa sikelo yakuba yemwe mudzi wonse unkamudziwa, ndipo adandifunsa. Ndidawafotokozera.

"Ndiye kuti ine ndili pamodzi ndi wobwereka khasu?"

"Ayi, inu muli pamwamba pang'ono."

Sadaseke. Amuna anga bambo wawo adamwalira iwo ali khanda, ndipo pokwatira ine ankaganiza kuti apezanso bambo. Zidawapweteka kwambiri, nane zidandipweteka. Kuyambira pamenepo mota adaisiya. Ankatsika chapa pamwamba paja n'kubwera wapansi, mimba patsogolo, thukuta kamukamu, kuti apongozi awo aone. Abambo ankaona ndithu, n'kuwaperekezabe mpaka pa khola.

Kenaka kudabwera purojetu. Idabwera pa galimoto yoyera, monga zimabwerera zinthu zonse zomwe sitidapemphe. Pamsonkhano mkulu wa purojetuyo adatiuza kuti takhalira chuma osadziwa, ndipo chumacho ndi njira zathu. Adati kudzabwera aturishita, anthu a m'mizinda ndi akunja, kudzayenda.

"Kupita kuti?" adafunsa munthu wina kumbuyo.

"Kulikonse ayi. Kungoyenda."

Amayi anga adakweza dzanja n'kufunsa kuti anthuwo adzakhala akuthawa chiyani.

Mkuluyo adangolamula kuti zitini za tinta zitsitsidwe. Miyala ya m'njira adaipaka mitundu itatu, malinga ndi mphamvu za woyenda. Yobiriwira idali ya ofooka, kuyambira pa khola lathu kuzungulira dambo la minda ya kachewere, popanda pokwera. Yachikasu idali ya apakatikati, kutsikira kumtsinje. Yofiira idali ya akatswiri, kukwera chitunda mpaka kumsewu. Pachiyambi pa yofiirayo adazika pulaka, chikwangwani chonena kuti njirayi imafuna munthu wozolowera, wa nsapato zolimba, wonyamula madzi okwanira. Nditawawerengera amayi adaseka mpaka kutsokomola. Njira imeneyo ndiyo tidathawira nkhondo kulowera ku Dedza, ine ndili kumsana kwawo, mtondo uli pamutu, mapazi ali pansi. Ndiyonso tidabwerera itatha nkhondo, ndi mtondo womwewo. Amayi adati chikhala pulakayo idalipo nthawi imeneyo bwenzi atabwerera kukafuna nsapato.

Purojetu sidakhalitse, koma tinta idagwira ntchito. Chitseko cha tcheyamani wa komiti ya njira chidasanduka chachikasu, mawindo ofiira. Miyala nayo idayamba kuyenda yokha. Mwala wabwino wosalala, wina wakutolera kale n'kukuikira m'mbali mwa njira, ungausiye bwanji? Yobiriwira yambiri idakakhala mafuwa. Yofiira ina idakalowa m'maziko a chimbudzi cha bambo wina wa kutsidya, moti aturishita awiri oyamba, potsata miyala mokhulupirika, adakathera kuseri kwa chimbudzicho n'kuchijambula.

Anthuwo adabweradi, ochepa. Aliyense adali ndi ndodo ziwiri ngakhale sadali wolumala, ndi chikwama cha moshila kumsana, ndi chipewa. Vuto lawo lidali lakuti ankafuna kuyenda okha, ati kuti amve bata. Kwathu mlendo sayenda yekha, n'zamanyazi. Wa pamunda woyamba ankasiya khasu n'kuwaperekeza mpaka malire a munda wake, pomwepo wina n'kuwalandira, aliyense kuyambira moni woyamba, mwadzuka bwanji, kunyumba mwasiyako bwanji, nanga ana. Pofika kumtsinje ankakhala ndi gulu ngati akupita kumaliro. Bata sadalimve, ndipo ambiri sadabwerenso.

Zomwe zidatsala ndi mitunduyo pakamwa pa anthu. Waulesi adayamba kutchedwa wobiriwira. Mkazi wolimba pa ntchito ankati uyu ndi wofiira. Tsono poti mwala woyamba wobiriwira udali pa khola lathu penipeni, pomwe abambo ankatembenukira, amuna anga adapeza dzina. Ndidalimva koyamba pachitsime. Mayi wina, mnzanga wa ku shikola kalekale, adandifunsa akumwetulira kuti, "Akamwini a njira yobiriwira abwera liti?" Ndidamuyankha kuti abwera tsiku lomwe amuna ake adzapeze njira yochokera ku mowa, ya mtundu uliwonse. Ndidanyamula ndowa yanga, koma mumtima ndinkalira.

Chaka chotsatira abambo adagwa kumunda. Idali tensau, kuthamanga kwa magazi. Adachira, koma mwendo wakumanzere udayamba kukhwekhwereza. Anamwino a kuchipatala adawauza kuti aziyenda pang'ono tsiku lililonse, pamalo osakwera, ndipo pofuna kuti amve bwino adawonjeza kuti, "Ya miyala yobiriwira yokha, bambo." Abambo adakwiya kuposa momwe adakwiyira ndi matendawo. Amayi adadziika okha kukhala apolisi a lamulolo, ndipo amayi anga sanyengereka. Amuna anga atamva adati, "Basi, ine ndidzafera pa khola." Ankanena zoona. Ngakhale mtima wa abambo ukadasintha, miyendo yonenera idali itatha.

Pa feriyasi, nthawi ya tchuthi, tidapita tonse ndi ana. Amayi adali otanganidwa ndi kukumba kachewere, ndiye ntchito yoyenda ndi wodwala idagwera amuna anga. M'mawa uliwonse, mame asadaume, ankatuluka awiriwiri kuzungulira dambo, nkhalamba ndi ndodo yake, mkamwini ndi mimba yake. Ine ndinkawaonera ndili kumunda. Abambo ndi munthu woti angafe chiimire kusiyana n'kunena kuti ndatopa. Koma ndidaona kuti mwendo uja ukangoyamba kukoka fumbi, amuna anga ankaima, n'kugwira m'chiuno, n'kunena mokweza kuti, "Apongozi, tipumeko, mpweya wa kuno ife a ku Tete umatithera." Akatero ankakhala pansi, abambo nawo n'kukhala, kwinaku akudandaula za ana a masiku ano opanda mafupa. Ndidawafunsa amuna anga ngati ankachita dala. Adati nthawi zina dala, nthawi zina ayi.

Tsiku lawo lobwerera ku ntchito lidafika. Ine ndi ana tinkatsalira. Adatsazika amayi, adatsazika abambo, ndipo abambo adavala chipewa n'kutenga ndodo monga mwa masiku onse. Ine ndidanyamula chikwama n'kumatsatira. Tidafika pa khola. Amuna anga adaima okha, adazolowera, dzanja atatambasula kale. Abambo sadaime. Adangodutsa ngati kholalo si lawo, n'kulowa njira yotsikira kumtsinje.

Amayi adakuwa ali pabwalo kuti, "Inu bambo, yachikasu imeneyo." Abambo sadacheuke.

Pamtsinje adawoloka pamiyala, ndodo patsogolo, mwendo wodwala pambuyo. Ndidaganiza kuti athera pomwepo, ndipo zikadakwana, amuna anga nkhope idali itawala kale. Koma abambo adayang'ana pulaka ija, yomwe tsopano idali itapendekeka, n'kunena kuti, "Tiyeni, akamwini, chapa sidikira munthu."

"Apongozi, anamwino adati..."

"Anamwino ali ndi akamwini awo."

Sindidaonepo anthu awiri akukwera phiri moipa chotero. Ankayenda pang'ono, n'kuima. Amuna anga ankapempha kupuma, ndipo ulendo uno sikudali kuchita dala, malaya onse adali atanyowa. Abambo milomo idauma, koma ankati akuima kuti adikire mlendo. Ndidawapempha kuti tibwerere, adandiuza kuti nkhaniyi si yanga. Anthu m'minda adasiya makasu n'kumayang'ana, ndipo palibe adabwera kudzaperekeza, chifukwa aliyense ankadziwa chomwe chinkanenedwa pamenepo. Ine ndinkachita mantha, ndinkakwiyanso, poona kuti mawu oti munthu angawanene atakhala pakhonde, abambo anga akufuna kuwanena ndi moyo wawo.

Tidafika pamwamba dzuwa litakwera. Abambo adakhala pa mwala m'mbali mwa msewu, n'kuvula chipewa. Sadanene kanthu kokoma. Adangoloza ndi ndodo mbali ya ku Kalomwe, kumalire a Dedza, n'kuwauza amuna anga kuti uko ndiko tidalowera nthawi ya nkhondo, ndipo apa ndi pomwe mkazi wanuyu adataya kansapato kake kamodzi, kokhako komwe adali nako.

Chapa idabwera itadzaza, wolipiritsa akulendewera pachitseko akuitana a ku Ulongwe. Abambo adafuna kuimirira kuti atsazike, mwendo udakana. Adayesanso, udakananso. Amuna anga adayang'ana chapa, adayang'ana apongozi awo, n'kuikupiza dzanja kuti izipita. Adandipatsa jekete lawo, n'kugwada patsogolo pa abambo atawafulatira.

"Kwerani, bambo."

Abambo adakana, monga zidayenera. Adakananso kachiwiri. Kenaka adandipatsa ndodo.

Adatsika nawo chitunda chonse atawabereka, munthu wa mu gabineti, nsapato zopukuta zikuterereka pamiyala, abambo ali kumsana akulamula kuti pondani apa, osati apo, kodi maso mulibe? Tcheyamani wa komiti tidakumana naye kumtsinje, ndipo adati chikhala purojetu ikadalipo, zimenezi akadaziika pa pulaka ngati thandizo la aturishita otopa. Kunyumba amayi adawakalipira onse awiri pamodzi, osasankha kuti uyu ndi mwamuna wanga, uyu ndi mkamwini woyenera kumuchitira manyazi. Adati nyumba ino ili ndi zitsiru ziwiri, chimodzi chonyamula chinzake.

M'mawa mwake amuna anga adakonzekanso, miyendo itauma ngati nkhuni. Adatsazika, n'kuima pabwalo ndi chikwama chawo, kudikira. Sankayembekeza chitunda ayi, ankangodikira ka ulendo ka pa khola kaja. Abambo adali pampando wawo pakhonde, ndodo ili pansi, chipewa chili pamsomali, ndipo sadasonyeze zoti adzuka. Ndidaona nkhope ya amuna anga ikugwa. Ankaganiza kuti powabereka apongozi pamaso pa anthu adawachititsa manyazi, ndipo tsopano atsikira kwa wobwereka khasu, woperekezedwa ndi maso.

"Mukudikira chiyani?" adafunsa abambo. "Njira simukuidziwa? Mukamadutsa pa khola mutseke bwino chipata, mathole angatuluke. Ndipo pobwera musaiwale mapiritsi anga."

Amuna anga adatembenuka kuyang'ana ine. Amayi, omwe ankasankha nyemba pa lichero, sadadzutse n'komwe mutu.

"Pitani, bambo," adatero. "Mwana wapakhomo saperekezedwa."

Adapita okha. Ndidawaona ataima pa khola nthawi yaitali, atatifulatira, akumanga chipata chomwe chidali chomanga kale, kwinaku akupukuta m'maso ndi mkono wa malaya.