Ndinapita Kukamuona Akuvutika

Mwamuna wanga anandisiya ndili ndi ana awiri, n'kukakhala ndi mkazi wina amene ankagulitsa mazira owiritsa pamsika wa pa Egodini. Inenso ndinkagulitsa tomato ndi anyezi pomwepo, mizere iwiri yokha kuchokera pa tebulo lake. Kwa zaka zinayi ndinkamuona tsiku ndi tsiku, nthawi yozizira atavala juzi imene ndinagulira mwamuna wanga ndi manja angawa. Sitinalankhulanepo. Lamulungu lililonse ndinkapita ku Misa kwathu ku Mpopoma, ndipo sindibisa, ndinkagwada n'kupempha Mulungu kuti mkaziyo aone zakuda.

Kenaka mwamuna uja anathawira ku Joni, osatsanzika kwa iye kapena kwa ine. Mkaziyo anayamba kutsokomola ndi kuwonda, mpaka anasiya kubwera kumsika. Ndinamva kwa ogulitsa anzanga kuti wagonekedwa kuchipatala ku Thorngrove ndi chifuwa chachikulu, ndipo palibe wachibale amene akupita kukamuona.

Ndinakwera kombi masana ena. Sichinali chifundo ayi. Ndinkafuna ndimuone atagona, iye andione nditaima.

Namwino anandipatsa kansalu kophimba pakamwa ndi mphuno, n'kundilozera bedi lapakona. Sindinamuzindikire msanga. Masaya anali atalowa, milomo itang'ambika. Anatsegula maso n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Anandidziwa.

"Amanzi, sisi," anatero m'Chindebele. Ankapempha madzi.

Kapu inali pa kabati pafupi pomwepo, koma dzanja lake silikanafika. Mawu onse amene ndinakonza m'kombi anali kale pakamwa panga. Ndinangoona dzanja langa lanyamula kapu ija, linalo likumudzutsa mutu. Mutuwo unali wopepuka ngati wa khanda.

Mawa lake ndinabwerera ndi phala, mkuja lakenso chimodzimodzi, mpaka anakwana masabata asanu ndi limodzi. Ndinkamusambitsa, kumuchapira, kumupaka mafuta pamsana pamene panayamba zilonda. Koma mtima wanga sunafewe. Ndinkapukuta thupi lakelo ndikukumbukira kuti ndi lomweli linandipasulira banja. Tsiku lina ndinamukhula mwamphamvu dala mpaka anabuula.

Sanandipepesepo. Kamodzi kokha anandifunsa, "Kodi wakuimbiranipo foni?" Ndinati ayi. Anatembenukira kukhoma n'kuyamba kulira, kulirira mwamuna wanga, ine ndili chiimire ndi beseni m'manja.

Amayi a mumphakati mwathu, amene timapemphera nawo kolona Lachitatu, atamva anayamba kunditama. Ankati ndine chitsanzo, ena mpaka kuuza ana awo aakazi kuti atengere ine. Mawuwo ankandinyansa, moti ndinaleka kulandira Ukaristia. Pomaliza ndinapita kukalapa kwa bambo mfumu athu, munthu wokalamba wosakonda kuchulutsa mawu.

"Bambo, anthu akuti ndine wabwino. Koma mkaziyu ndimadana naye. Matenda akewa ndinachita kuwapempherera."

"Nanga mumapitirakonji?" anandifunsa.

"Sindidziwa, Bambo. M'mawa ndimalumbira kuti lero sindipita. Pofika masana ndimapezeka ndili m'kombi."

Iwo anati, "Chidanicho n'chanu, mayi, ndipo mwachita bwino kubwera nacho kuno. Koma kapu ija simunainyamule nokha. Chimenecho ndi chaulere cha Mulungu, chimene palibe amachigwirira ntchito. Anayamba ndi Iye, inu simunakane. Mawanso musakane."

Ndinatuluka wosakhutira. Ndinkafuna andikalipire, kapena andilonjeze kuti chidanicho chidzatha. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi.

Mkaziyo anamwalira Lachinayi m'mawa ine ndisanafike. Ndinapeza bedi litayalulidwa kale, ndipo phala ndinapatsa wodwala wa bedi loyandikana. Abale ake anatulukira tsopano, galimoto yodzaza kuchokera kumudzi. Kumanda azakhali ake anandigwira mkono n'kundifunsa kuti ndine yani. Ndinati tinkagulitsa limodzi. Mwamuna uja sanabwere, ngakhale uthenga anaumva.

Misozi sinatuluke, ndipo sindinayese kuikakamiza. Ndinaponya dothi langa n'kubwerera kunyumba kukaphikira ana.

Panapita miyezi itatu ndisanayambirenso kulandira Ukaristia. Mwezi wa Novembala uliwonse, pamene timapempherera akufa, ndimalemba dzina lake papepala pansi pa la mayi anga. Kulitchula pakamwa kumandivutabe.