Mpunga wa ku Karonga m'matumba a eni

Chaka chimene maiko ang'onoang'ono a chigawo chathu anagwirizana zochotsa msonkho pa katundu wogulitsana okhaokha, ine ndinali ku Nairobi, ndikusunga zikalata pa bungwe lina loona za malonda. Panganolo ndinaliwerenga lonse, ndipo kope lake ndikadali nalo. N'chifukwa chake ndinalimbikitsa alamu anga, akulu awo a akazi anga, kuti abweretse mpunga wa kilombero. M'masitolo a ku Parklands anthu ankalimbirana mpunga wodula wakunja, chonsecho wathu umanunkhira kuposa umenewo.

Alamuwo anali mayi wamasiye. Anagulitsa makina awo osokera kuti apeze mpamba, anakagula mpunga ku Karonga, n'kutenganso chikalata chotsimikizira kuti unalimidwa kwathu. Koma kwathu thumba silitayidwa likadali lolimba. Iwo anathira mpungawo m'matumba akale ogula pamsika, olembedwa dzina la dziko lina la ku Asia. Za matumba panganolo silinanene kanthu, ndipo wotsutsa abwere ndimuonetse.

Anandiimbira foni ali pachipata cholowera m'Kenya kuchokera ku Tanzania.

"Alamu, mapepala anu aja akundigoneka panja kuno! Akuti mpunga si wa ku Malawi."

Ndinathamangirako ndi chikwama changa. Mkulu wa pachipatapo anali munthu waulemu. Anayang'ana chikalata, n'kuyang'ananso thumba.

"Mzee, pepala likuti Malawi, thumba likuti kwina. Ndimvere chiti?"

"Nunkhizani mumve nokha!" ndinatero, mtima utakwera.

Anaseka, n'kundiuza kuti boma linamulemba ntchito ya maso, osati ya mphuno. Msonkho umene anatchula alamu sakanaukwanitsa, ndipo kumwamba kunali kutayamba kuda. Mpungawo ukananyowa, mpamba wonse ukanathera pomwepo.

Nzeru inachokera kwa akazi anga. Iwo anati wapaulendo saletsedwa kunyamula chakudya chake. Anauza Amalawi anzathu a mu Nairobi, kuyambira amayi anzawo a ku Kilimani, uthenga unafika mpaka kwa ophunzira a ku Kahawa, Akhristu ndi Asilamu omwe. Loweruka tinadzaza minibasi zimene kumeneko amati matatu, ulendo wa kuchipata kuja, tikuimba ngati tikupita ku ukwati. Aliyense ankawolokera tsidya la Tanzania wapansi, kugula kwa alamu mlingo wa pakhomo pake, kumanga pachitenje n'kubwerera. Anthu amene masiku onse ankavala masuti m'maofesi a mabungwe akuluakulu anasenza mitolo pamutu.

"Adokotala, gwirani bwino, si fayilo imeneyo!" mayi wina ankakuwira mmodzi wa iwo.

"Ndisiyeni, mayi, ndinakulira kumudzi ine!"

Mkulu uja ankangotiyang'ana akupukusa mutu. Mlungu wonse wotsatira, ukamakwera masitepe a nyumba za ku Kilimani unkadziwa ndi fungo khomo la Mmalawi. Umodzi wotero sindinauonenso, ngakhale m'misonkhano ya m'mahotela mmene tinkakamba za kugwirizana kwa maiko tikumwa tiyi.

Mpunga wotsala alamu anaugulitsa motchipa ku Tanzania komweko. Mpamba unabwerera, phindu ayi. Ndinawafotokozera kuti ulendo wachiwiri ukhala wosavuta, bola agule matumba opanda zolemba. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, phazi limodzi lili kale pakhomo la basi.

"Alamu, mukadzamva kuti akuluakulu asainiranso pangano lina, musadzandiimbire. Mudzangolisunga."

Ku Nairobi anadzabwerabe kangapo, koma kudzangoona ana.