Wailesi Yathu Imathera pa Kamlatho

Ngati Lachiwiri lapitali munaona mayi wathupi ndithu ali pa kabaza mumsewu wochokera ku Nkopola kulowera kuboma, atakweza wailesi pamwamba pa mutu ngati chikho cha mpira, akukuwa kuti "Ikumveka! Ikumvekabe!", musade nkhawa. Ndinali ine. Ndipo sindinalawe kalikonse.

Ndinali pa ntchito. Anandituma kukayeza kuti mawu a wailesi yathu yatsopano akufika pati.

Ndikati wailesi yathu musaganize za nyumba yosanja. Ndi kachipinda kuseri kwa sitolo ya gulu la amayi oyanika usipa. Muli tebulo, maiki imodzi, batire la sola, ndi kabokosi kamene analumikiza a Juwawo, okonza mafoni ndi mawailesi pamsika pathu, amene anafika kuno ali kumsana kwa mayi awo nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki. Mlongoti wake ndi mapaipi awiri omangirira ku mgwalangwa. Chilolezo choyesera tinachidikira mpaka ena anayamba kutiseka, koma chinabwera.

Tsono mmawa umenewo a Juwawo anagawa ntchito. Mayi Esinati, wapampando wa gulu, akhale pa maiki azingoyankhula osapuma. Ine, poti ndinapuma pa uphunzitsi ndipo akuti ndili ndi nthawi, ndikwere njinga ya a Saidi ndi wailesi m'manja mpaka pamene mawu akathere.

Tinanyamuka. Mayi Esinati anayamba kupereka moni kwa aliyense amene amamudziwa: apongozi awo, anamwino, abusa, ashehe, ngakhale mayi wina amene sayankhulana naye chiyambire Khirisimasi. Kenaka tinangomva moni wa Chiyao: "Ajimwiche uli a Saidi a kabaza? Mupalase bwino, mwanyamula katundu wa gulu!"

Njinga inapepeluka, tinangotsala pang'ono kulowa m'ngalande.

"Walahi, dzina langa!" anakuwa a Saidi. "Amayi, mwamva? Yanditchula! Ine Saidi!"

"Yang'anani kutsogolo, bambo!"

"Zaka zonsezi wailesi imatchula nduna zokhazokha. Lero ine!"

Kuyambira pamenepo sanapalasenso ngati munthu wa zaka zawo. Aliyense amene tinkakumana naye ankamuimbira belu n'kumuuza kuti atsegule wailesi. Amayi ogulitsa mandasi anaimirira kutiwombera m'manja osadziwa chimene akuwombera. Ine duku linali litagwera m'khosi, mkono utatopa, koma kuseka kokhakokha.

Mwina mukudabwa kuti anthu akuluakulu angapengerenji ndi kabokosi. Imvani.

Ifetu wailesi ya m'dera tinali nayo kale. Njerwa zake tinaumba tokha, ine ndinatunga nawo madzi. Inkayankhula Chichewa chathu chino ndi Chiyao. Mmawa inkauza asodzi ngati kukubwera mwera, mphepo ija imene imagudubuza mabwato. Inkalengeza maliro, zinkhoswe, mbuzi zosochera, tsiku la sikelo ya ana. Mawu ankadukaduka, magetsi akazima nayo inkazima, koma inali yathu.

Kenaka kunabwera kampani ina ya mumzinda. Sanabwere ndi nkhondo ayi. Anabwera ndi jenereta, mipando yozungulira ndi mawu okoma akuti "tingothandiza". Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Tinavomera ndi nthungululu. Sitinafunse kuti kalumoko kameta mutu wa yani.

Anayamba ndi mipando iwiri mu komiti. Kenaka pulogalamu ya mmawa inayamba kuchokera kumzinda. Tangoganizani: msodzi akukankha bwato, wailesi ikumuuza kuti apewe msewu wakutiwakuti chifukwa magalimoto athithikana! Chiyao chinatsala kamphindi kochepa Loweruka. Mauthenga a maliro anati amachititsa omvera kukhumata, otsatsa malonda sakondwa nawo.

Chaka chatha malume anga anamwalira. Achemwali awo amakhala kutsidya kwa nyanja, kumudzi kumene foni imagwira ukakwera pachulu. Kale tikanangopereka kapepala ku wailesi. Tinapita nako, anatiuza kuti dongosolo linasintha. Mayi aja anafika patatha sabata, atanyamula nkhuku yoti adzaphikire wodwala. Tinawaperekeza kumanda nkhuku ili m'manja.

Ndiye mukandiona ndikukuwa pa kabaza, mundimvetse.

Tinadutsa sukulu, mawu ali mbee. Tinadutsa chigayo, akumvekabe. Ndinaimbira foni a Juwawo kuti tafika pachigayo, ndinangomva kumbuyo kwawo amayi akululutira. Mayi Esinati anthu owapatsa moni anali atawathera, tsopano ankafotokoza kayanikidwe ka usipa pathandala, kenaka anayamba nyimbo ya kwaya okhaokha. Mawu awo si a kwaya, koma tsiku limenelo palibe anadandaula.

Pamene tinayandikira kamlatho kena kakang'ono, kuboma kudakali kutali, mawu anayamba kulowa mchenga. Shii, shii. Tinawoloka kamlathoko, zii. A Saidi anabweza njinga masitepe asanu, mayi Esinati anatulukiranso akuimba. Kutsogolo, zii. Kumbuyo, nyimbo. Tinachita zimenezi kanayi ngati ana, mpaka misozi kutuluka ndi kuseka.

Pafupi pomwepo, tsidya lopanda mawulo, panali bambo wina wachikulire akusoka ukonde pansi pa mtengo. Anatifunsa chimene tikuseka. Nditawafotokozera anafunsa funso limodzi lokha.

"Za mwera izinena?"

"Mmawa uliwonse, bambo."

Anapinda ukonde wawo, ananyamula kampando, n'kuwoloka kamlatho kudzakhala tsidya lomveka. "Mawa ndibwera ndi yanga," anatero.

Ena adzati, wailesi yotani yothera pakamlatho? Ine ndikuti kuchepako ndiye mphamvu yake. Woulutsa akanama, timakumana naye pa mjigo madzulo ake. Akalakwitsa dzina la malemu, mwini maliro amangoyenda wapansi kukagogoda. Kodi bwana wa kampani ya mumzinda ija munamugogodera liti? Nanga amadziwa kuti mwera n'chiyani? Wailesi yaikulu imatiwerenga ngati makutu oti iwagulitse kwa otsatsa malonda. Yaing'onoyi imatidziwa mayina.

Sindikunena kuti zonse n'zosalala. Mitambo ikachuluka batire lidzafooka. A Juwawo akadwala, palibe wina amene amakadziwa kabokosi kaja, ndipo ndawauza kuti aphunzitse amayi awiri mwezi uno usanathe. Achemwali a malume anga kutsidya kuja sadzatimvabe. Iwonso ayenera kukhala ndi kawo, ndipo a ku Makokola akhale ndi kawo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Koma mverani izi. Lachinayi, patangopita masiku awiri, pasitolo ya amayi panaima galimoto yoyera. Munatuluka anyamata awiri a mataye, aulemu kwambiri. Akuti amva za ntchito yabwino imene tikugwira. Akuti ali ndi mlongoti wautali woti mawu athu adzafike mpaka kuboma ndi kupitirira. Akuti iwo safuna kanthu, angothandiza.

Mayi Esinati anawapatsa mipando, n'kuwauza kuti gulu likakambirana Lamlungu tikaweruka kutchalitchi. Ndipo ndisakunamizeni, amayi ena maso anawala atamva zoti mawu awo adzamveka kuboma. Inenso mtima unadumpha pang'ono. Ndani safuna kumveka kutali?

Lamlungu ndikakhala konko, ndipo dzanja langa ndikudziwa kumene ndidzalikweze. Nanga inu a m'dera lino amene munaumba nawo njerwa zoyamba zija, mudzabwera kudzanena zimene munaona, kapena mudzatisiya tiimbenso nthungululu?