Maungu Osatha a Esitele

Esitele anali mkazi wa pakamwa powawa, zimenezo palibe angatsutse. Koma amene anamuwawitsa pakamwapo alipo, ndipo mpaka lero amakhala mpando wakutsogolo kutchalitchi.

Kwawo kunali ku Mlonyeni. Anabwera pa chitengwa kumudzi wina kufupi ndi Kachebere atakwatiwa ndi Vitus, ndipo anakhala naye zaka khumi ndi zisanu opanda mwana. Vitus atamwalira mu 1996, alamu ake sanadikire n'komwe kuti tsitsi la m'meto limere. Nthawi imeneyo aliyense anali atayamba kulima fodya wa bale, ndipo dimba la malemuyo, losaphwa madzi chaka chonse, linali malo abwino a nazale. Tabeth, mlongo wake wa Vitus, ankadutsa pa dimbapo akumeza malovu.

Tsiku lomusudzula, Alufeyo, mkulu wake wa Vitus amenenso anali mwini mbumba, anafuna kuoneka munthu pamaso pa ankhoswe.

"Alamu, ife si anthu olanda," anatero. "Wamasiye sitimuchotsa mbewu zake zili m'nthaka. Mukamaliza kukolola maungu anu kudimbako, mudzabwerere kwanu bwinobwino."

Esitele anaomba m'manja. "Zikomo alamu. Ankhoswe amva."

Kwawoko akanapita kukatani? Amayi ake anali atamwalira, munda anagawana ang'ono ake, ndipo wobwera chimanjamanja atakula sasangalatsa aliyense. Ndiye anayamba kubzala. Maungu ena akamayanga, iye wabzala ena. Enawo akamachita maluwa, wakumba kale mapando atsopano. Dzinja ankabzala kumtunda pachulu, chilimwe kumunsi kothirira ndi ndowa. Sipanapezeke tsiku limene dimbalo linalibe dzungu losakhwima. Alufeyo akafunsa, Esitele ankayankha akuyang'ana kumbali, "Sindinamalize, alamu."

Koma munthu mmodzi angadye maungu angati? Anadzaza pakhonde, pansi pa bedi, mpaka m'khola la nkhuku. Kutaya sakanataya, chifukwa Tabeth akanathamangira kwa ankhoswe kukanena kuti mlamu wake akuseweretsa nthaka. Apa m'pamene anatulukira zigumu za maungu. Ankaphika dzungu mpaka lifewe, n'kulitikita ndi chipande, kuthiramo ufa wa mgaiwa, soda, shuga ndi mchere pang'ono. Akatero ankathira m'sefuliya yopaka mafuta, makala pansi, makala ena pa lata pamwamba. Chigumu chinkatuluka chachikasu, chofewa, chonunkhira mpaka kwa aneba.

Zina ankagulitsa kumsewu wa kumalire kwa anthu a njinga ochokera ku Chipata. Zotsala ankagawa mokakamiza. Pamaliro, iye ndi dengu la zigumu. Pa msonkhano wa mphakati wa kutchalitchi, zigumu. Wobereka mwana, wotuluka m'chipatala, aliyense ankalandira, mpaka anthu anayamba kutseka zitseko akamuona akubwera atasenza dengu. Anamutcha Nadzungu, iye n'kumavomera monyada.

Loweruka lililonse ankapititsanso chigumu chachikulu kwa Tabeth, osati mwa chikondi ayi. Tabeth ankachiponyera nkhumba mwini wake akuona.

"Nkhumba zanu zanenepa, alamu," Esitele ankatero. "Mukadzapha musadzandiiwale."

"Chumba iwe, nthaka ya makolo athu ukuisungira ndani?"

"Ndikuisungira maungu, alamu. Iwo ndiye satukwana."

Zinayenda choncho zaka zisanu ndi ziwiri. Ngakhale chaka cha njala, mu 2002, pamene ana a Tabeth anakhalira moyo maungu omwewo, udani sunathe. Munthu amakhululukira amene anamumana, koma amene anamudyetsa akumuseka samukhululukira msanga.

Mu Okutobala wa 2003 Esitele anagwidwa ndi chibayo, ndipo anagona masabata atatu osadzuka. Apa Tabeth anaonetsa kuchenjera kumene palibe ankamuganizira. Anaimirira pa mphakati, nkhope yagwa, mawu akunjenjemera.

"Amayi anzanga, alamu anga ali gone, mbewu zawo zikuonongeka kudimba. Ife tinakangana, inde, koma wodwala timamugwirira ntchito. Tiyeni tikawakololere."

Ndani akanakana? Amayi ena mpaka anagwetsa misozi poona kuti awiriwa ayanjana. M'mawa mwake anapita kudimba, amayi khumi ndi awiri, akuimba nyimbo za kutchalitchi. Anathyola maungu okhwima. Tabeth anati anthete nawo asatsale, mbuzi zingadye. Anathyola nkhwani kuti akafutsire wodwala mfutso, anatola ndi maluwa omwe. Zotsalazo Tabeth anazula yekha ndi manja ake, phando ndi phando.

Esitele anamva nyimbo zikuyandikira pamodzi ndi kulira kwa ngolo. Anadzikoka mpaka pakhomo atagwira khoma. Anaona ngolo ya Alufeyo itadzaza maungu, pamwamba pake timaungu tating'ono ngati chibakera. Anazindikira zonse nthawi yomweyo, ndipo mtima unamupweteka kuposa chibayocho.

Amayi aja anaima akumwetulira, thukuta kamukamu, kudikira mawu. Ambiri mwa iwo anabwera ndi mtima woona. Akanawatukwana bwanji anthu amene asiya ntchito zawo kudzamuthandiza? Mkazi amene sanagonjepo pa mkangano uliwonse anagwada pang'onopang'ono, n'kuomba m'manja.

"Zikomo, amayi. Mwagwira ntchito."

Amayi awiri anakwera pa ngolo kuti ayambe kutsitsa. Alufeyo, amene anaima patsogolo pa ng'ombe ndi mmodzi wa ankhoswe aja, anakweza dzanja.

"Musavutike kutsitsa, amayi. Alamu athu amaliza kukolola. Ingosunthani maunguwo pang'ono, pakhale malo a mphasa ndi sefuliya zawo."