Inswa Imene Inandilowa M'kamwa pa Ulendo wa ku Mishoni

Ndikukumbukila tsiku limene ndinakwela lole koyamba, ndipo fumbi lake ndimalimvabe m'mphuno ndikatseka maso. Zinali zaka zija za Chitaganya, azungu ataphatikiza maiko atatu pansi pa boma limodzi. Abambo akakhala pansi pa mtengo nkhani yao inali yomweyo, koma ine ndinali ndi zaka khumi, sindinali kudziwa kaya Chitaganya chimadyedwa kaya chimavalidwa. Changa chinali chimodzi: ndinali nditapambana katekisimu, ndipo ndinali kupita kukalandila Ukalistiya wanga woyamba.

Makolo anga anachokela ku Katete n'kudzakhala kufupi ndi Nyimba, pakati pa Ansenga, pofuna malo olima. Mudzi wathu unali kutali ndi mishoni. Wansembe anali kufika kwathu panjinga kawili kapena katatu pachaka, ndipo mvula ikayamba, mitsinje n'kudzala, sitinali kumuonanso mpaka chimanga chiume. Ndiye chaka chimenecho, kumapeto kwa Okutobala, mwezi wa kolona, aphunzitsi athu a katekisimu, a Daka, anakonza ulendo wa mapemphelo wa masiku awili. Tinali kukaona malo akale m'njila, n'kukathela ku mishoni yakale kumene kunali phanga la Amai Maliya ndi manda a ansembe oyamba. Ana anai amene tinapambana tinali kukalandila komweko. "Wophonya tsiku limenelo," anatelo a Daka, "adzadikila mvula ithe."

Ine sindikanatha kudikila. Amai anali atandisokela delesi loyela ndi manja, la nsalu ya matumba a ufa wa tiligu, n'kulichapa, kuliyanika, kulichapanso mpaka malemba onse anafufutika. Linali litayamba kale kundithina m'mapewa, chifukwa ndinali kukula ngati thelele la kudimba. Chaka chamawa silikanandikwana, ndipo mnzanga Sesiliya akanakhala akulandila ine ndili chikhalile pansi ndi tiana ta mamina.

Lole yake inali yonyamula thonje. Tinadzaza ngati matumba, amai ndi makanda, nkhalamba, mphasa, mabasiketi a mbatata yophika ndi zigubu za thobwa. Ine ndi Sesiliya tinathamangila kutsogolo n'kugwila chitsulo chakumbuyo kwa dalaivala. Injini italila, lole n'kudzuka, ndinakuwa ngati andiponda. Kenaka ndinayamba kuseka, ndipo sindinaleke mpaka dzuwa linafika pamutu. Mitengo inali kuthawila kumbuyo! Mbuzi zinali kubalalika, ana a m'midzi kutithamangila, ife n'kumawabaibitsa ngati ndife mafumu. Lole ikagwela m'dzenje tonse tinali kudumpha pamodzi n'kugwelana, nyimbo n'kuduka pakati, wina "Maliya Mai!", wina "mwendo wanga iwe!", n'kuiyambanso pomwe yadukila.

A Daka ndiwo anali otsogolela, ndipo udindo umenewu unawakoma. Anavala jekete ngakhale kunali kotentha mwakuti mwala ukanakazinga nshawa, wezulo ili m'khosi. Akafuna tiime, anali kumenya denga la dalaivala ndi chikhato katatu. Tonse pansi, kugwada, Tikuoneni Maliya khumi, kenaka iwo n'kufotokoza mbili ya malowo dzanja lili m'chiuno.

Pa boma la Petauke tinaona mbendela, amesinjala a zipewa zofiila, ndi sitolo imene anthu akuda anali kugulila pa windo. Zimenezo akulu anazipenya chete. Ife ana chimene chinatipengetsa ndi mpope: chitsulo chotuluka pansi, ukapotoza madzi n'kutuluka okha! Sesiliya anapotoza, madzi anam'thila kumaso, tinaseka mpaka amai anandikoka khutu. Chakumadzulo tinafika cha ku Sasare, kumene azungu anali kukumba golide kale. A Daka anatigwaditsa kupemphelela amuna onse amene anavutika m'maenje amenewo, natiletsa kusuzumila. Tinasuzumila. Munali mdima ndi fungo la mileme, ndipo kamwala kamene ndinaponyamo sindinakamve kugwa.

Koma zambili zinali mitengo. Mkuyu uliwonse waukulu, mlambe uliwonse, denga linali kumenyedwa katatu. "Pano, abale anga, ndi pamene ansembe oyamba anapumula." Pa mtengo wachisanu, amake Lufina, mai wa Chinsenga wonenepa amene anali kutsogolela nyimbo, anadzuka akupukuta maondo nati, "Aphunzitsi, nanga ansembe amenewa anali kuyenda liti? Paliponse kupumula!" Ngakhale a Daka anatembenukila kumtengo kuti tisaone mano ao.

Tinagona pa sukulu ina ku Msanzala. Tisanayale mphasa, a Daka anatiimika ana anai aja n'kutikumbutsa lamulo. Masiku amenewo wofuna kulandila sanali kudya kanthu kuyambila pakati pa usiku mpaka atalandila. Ngakhale nshawa imodzi, ngakhale kunyambita chala. Madzi anali atangololedwa kumene, koma a Daka chilolezo chimenecho sanali kuchikhulupilila kwenikweni, anali kutipenya ndi diso lina tikayandikila chigubu.

Kutacha tinapeza kuti mvula yoyamba yagwa. Dziko lonse linali kununkhila dothi lonyowa, masamba atasambitsidwa, mseu wopanda fumbi. Amai anandiveka delesi langa loyela ndi kansalu kumutu. M'mimba munali kulila, koma ndinali kudzimva wopepuka ngati nthenga. Tinakwela, amake Lufina anaiponya nyimbo ya Amai Maliya, ife n'kuilandila.

Dzuwa litayamba kutentha dothi lija, zulu za m'mbali mwa mseu zinatseguka. Inswa! Zinali kutuluka ngati utsi, mapiko akunyezimila, kugwela m'lole, m'maduku, m'mabasiketi. Inu amene munakulila kumudzi mudziwa tanthauzo lake: ndiwo yabwino kuposa zonse ikuuluka pamphuno pa anthu osadya chidzukile. Amake Lufina anatambasula chitenje nayamba kuwola akuimba. A Daka atawapenya, anati, "Choletsedwa n'kudya, aphunzitsi. Kutola sanalembe."

Ine ndinali kutsogolo kuja, nkhope kumphepo, kamwa yasaa, ndikukoka mau apamwamba kuti ndipose Sesiliya. Ndipo inalowa. Ndinangomva kanthu kakukupiza mapiko kukhosi. Ndinatseka kamwa, mano anagundana kamodzi, kamafuta kanamveka palilime, n'kumeza. Zonsezi zinatha msanga kuposa kuphethila.

Palibe amene akanadziwa. Koma phiko limodzi linatsala pamlomo, ndipo Sesiliya, Mulungu ausitse mzimu wake, sanali munthu wosunga nkhani.

"Velonika wameza inswa!"

Nyimbo inafa. Denga linamenyedwa katatu, lole inaima pakati pa tchile, ndipo mlandu unayamba.

"Walya! Mwana uyu walya!" anatelo amake Lufina m'Chinsenga chao, kutanthauza kuti ndadya. "Ikanakhala ntchentche sitikanalankhula. Koma inswa ni ndiwo."

"Ndiwo yopanda moto?" anayankha amai, atandikokela pachifuwa. "Yosakazinga, yosaika mchele? Mwana anali kuimbila Amai Maliya, sanali kudya."

"Ife kwathu timadya zaziwisi pachulu pomwe," inatelo nkhalamba ina kumbuyo.

"Nanga yaitanidwa? Yabwela yokha!" anatelo amai.

"Mlendo wobwela yekha salowa m'nyumba?" inabweza nkhalamba ija.

Anthu anagawikana pakati, a Katete mbali iyi, Ansenga mbali iyo, kenaka n'kusakanikananso, wina akutsutsa zimene wanena yekha. Ena anali kuseka mpaka misozi. Dalaivala, amene sanali wa mpingo wathu, anatulutsa mutu n'kufunsa ngati angadyeko zija za m'chitenje popeza iye lamulo silimukhudza. A Daka anatsegula kabuku kao ka katekisimu, kutsogolo, kumbuyo, kutsogolonso. Inswa munalibe. Anapukuta thukuta nati, "Ngati yangolowa n'kupitilila, mwina palibe mlandu. Ngati yatafunidwa, kumeneko n'kudya. Velonika, unatafuna?"

Ndinangolila. Iwo anati nkhaniyi yawakulila, akaweluza ndi Bambo wansembe.

Mtunda wotsalawo unali wautali ngati chaka. Onse anali kuimba, koma tsopano dzanja lili pakamwa. Ine ndinali kupenya delesi langa n'kumalingalila. Kugundana kwa mano kuja ndinali kukudziwa ndekha. Ndikati "iyai," ndilandila lelo, pamodzi ndi Sesiliya, amai akuona. Ndikati "inde," ndibwelela chimodzimodzi mmene ndabwelela. Koma nanga kulandila Yesu pa lilime lomwelo limene langonama kumene? Ndinapemphela kwa Amai Maliya kuti Bambo aiwale kufunsa.

Mishoni inaonekela patali, tchalitchi cha njelwa zofiila, chachikulu kuposa chinthu chilichonse ndinaonapo, belu likulila pakati pa mitengo ya mango. Wansembe anali mzungu wokalamba wa mkanjo woyela, kolona yaikulu m'khosi, ndevu zofika pachifuwa. Anatilandila pakhonde. A Daka anavula chipewa n'kufotokoza mlandu wonse mwaulemu ngati pabwalo la mfumu, anthu onse a m'lole atazungulila. Bambo anakhala pa sitepe kuti maso athu alingane. Chinyanja chao chinali chotulukila m'mphuno, koma chomveka.

"Mwana wanga, unaigwila ndi dzanja n'kuiika m'kamwa?"

"Iyai, Bambo."

"Unali kuchita chiyani?"

"Kuimba."

"Unatafuna?"

Sanaiwale. Ndinapenya amai. Maso ao anali otseka, milomo ikuyenda.

"Kamodzi, Bambo."

Kumbuyo kwanga wina anati "mayo ine." Amai anatsegula maso, ndipo chimene ndinaonamo sichinali mkwiyo.

"Chifukwa cha njala?"

"Iyai. Inali kukupiza mapiko kukhosi. Mano anangotseka okha."

Bambo anagwila ndevu zao, nkhope ili gwaa. "Inakoma?"

Ndinaona kuti zatha kale, palibenso chobisa. "Inakoma, Bambo. Koma inalibe mchele."

Ndevu zija zinayamba kunjenjemela. Anayesa kuzigwila ndi manja awili, zinakanika. Anaseka mpaka kutsokomola, a Daka nao anaphulika, amake Lufina anakhala pansi n'kumamenya dothi ndi chikhato. Atapuma, Bambo anapukuta magalasi nati, "Kudya n'kufuna kudya. Mwana uyu sanafune inswa, inswa ndiyo inafuna mwana. Alandila. Koma Velonika, kuchokela pano mpaka kuguwa, kamwa limenelo likhale lotseka."

Amai anaimba nthungululu pakhonde la ansembe, chinthu chimene sichinali kuchitika. Ine miyendo inachita kunyamuka yokha, ndinadumphadumpha nditagwila Sesiliya, nditaiwala kuti ndiye anandiulula.

Misa isanayambe tinapita pamdipiti kuphanga la Amai Maliya, kudutsa pa manda a ansembe aja amene anapumula pa mitengo yonse. Inswa zinali zikali kuuluka. Ndiye tangoganizani anthu odzaza lole, ndi akhristu a pamishoni amene anali atamva kale nkhani, onse akuimba milomo itatsekedwa, mmm mmm, ngati njuchi mumng'oma. Amake Lufina anamanga duku pakamwa n'kumatsogolela nyimbo momwemo. Munthu akapenya mnzake, mapewa n'kuyamba kugwedezeka. Sindikhulupilila kuti Amai Maliya anakhumudwa. Chifanizo chao chinali chaching'ono, cha malaya abuluu ofwifwa ndi dzuwa, chili m'miyala yomela ndele, ndipo ndinawauza zikomo mumtima, poti pakamwa panali poletsedwa.

M'tchalitchi munali kuzizila bwino, fungo la lubani ndi makandulo, mau a Chilatini amene sitinali kumva koma tinali kuwakonda. Ndinatseka kamwa mwamphamvu mpaka nsagwada zinawawa. Nthawi itakwana ana anai tinagwada kuguwa, manja pansi pa nsalu yoyela. Bambo anayamba ndi Sesiliya, nafika pa ine. Ndinali nditatseka maso, ndikudikila. Iwonso anali kudikila. Kenaka ndinamva ndevu zikuyandikila, ndi kunong'ona kotulukila m'mphuno kuja:

"Tsopano tsegula."

Ndinatsegula, ndipo ndinalandila.

Lelo ndine mai wa ana asanu ndi awili, zidzukulu sindiwelenganso. Maulendo a mapemphelo akalipo, koma amapita pa basi ya magalasi otseka, wotsogolela akulankhula pa chokuzila mau, aliyense ndi botolo lake la madzi. Lamulo la kusala linafupika, latsala ola limodzi, ndipo zidzukulu zanga zimapita ku Misa zikupukuta nyenyeswa za chitumbuwa pamlomo. Sindidandaula, Mpingo ndi mai, udziwa njala ya ana ake. Ndimangothokoza kuti ine ndinakula nthawi imene kanthu kakang'ono ngati inswa kanatha kuimitsa lole pakati pa tchile, akulu n'kutsutsana thukuta lili kamukamu chifukwa cha mzimu wa kamtsikana kamodzi. A Daka, amai, amake Lufina, Bambo a ndevu aja, onse anatsogola. Ndimawatchula maina m'kolona yanga Loweluka lililonse, ndipo pofika pa amake Lufina, Mulungu andikhululukile, ndimayamba ndaseka.